Paul Ngozi ndi zimbale zimene anasiyira okonda nyimbo za rock

Nyimbo zotchedwa progressive rock, zimene zinafala ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudzera m'magulu monga King Crimson ndi Pink Floyd, zimadziwika ndi kutalika kwake komanso kusinthasintha kwa liwiro ndi kamvekedwe, ndipo oyimba ake amafuna kuti chimbale chimvedwe chonse ngati nkhani imodzi. Kuno kwathu nyimbo zoyandikira mtundu umenewu ndi Zamrock, dzina limene linapatsidwa kwa nyimbo za rock za ku Zambia za m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Mwa oyimba onse a nthawi imeneyo, amene amafika pamtima wa munthu wolankhula Chichewa ndi Paul Ngozi, chifukwa kuwonjezera pa Chingerezi ankayimba m'Chinyanja cha ku Lusaka, chimene munthu wotere angachimve popanda womasulira.

Dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo, ndipo anabadwa mu 1949. Atayimba kwa kanthawi ndi gulu la Musi-O-Tunya, anakhazikitsa gulu lakelake la Ngozi Family, m'mene Chrissy Zebby Tembo ankaimba ng'oma. Chimbale cha Day of Judgement, chimene chinatuluka mu 1976, ndi chaukali kuposa zonse, pakuti gitala yake imadutsa m'kachipangizo kotchedwa fuzz, kamene woyimba amakaponda ndi phazi kuti gitala ilire mosasa mawu ngati mkango wolusa. Ena amachidandaula kuti chinajambulidwa mosasalala, koma okonda Ngozi amadziwa kuti kukhakhala kumeneko ndiko kukoma kwake.

Luso lake linakhwima mu 1977, chaka chimene anatulutsa 45,000 Volts ndi The Ghetto. Pa zimbale ziwirizi gitala ija sinasiye ukali, komabe inayamba kupatsa mpata mawu, ndipo mawuwo ankanena za moyo wa m'makomboni a Lusaka, za umphawi, miseche ndi mavuto a m'mabanja, zinthu zimene anazidziwa bwino pokulira m'komboni ya Chibolya. Apa ndi pamene amasiyana ndi oyimba a progressive rock a ku Ulaya, amene kawirikawiri ankakonda nkhani zongopeka ndi nyimbo za mphindi makumi awiri, pamene Ngozi ankanena zoona za anthu wamba m'mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo The Ghetto imamvekabe ngati nkhani imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Kutsika kwa mtengo wa kopa kunasautsa chuma cha Zambia, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu anasiya Zamrock n'kutembenukira ku nyimbo za kalindula. Ngozi anamwalira mu 1989.

Mbiri yake inadzukanso kampani ya ku America ya Now-Again itatulutsanso zimbale zake, ndipo mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo ya Nizakupanga Ngozi n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid, kotero kuti Chinyanja chinamveka m'makutu a anthu ambirimbiri amene sanamvepo chinenerochi.  Wofuna kumudziwa Paul Ngozi ayambe ndi 45,000 Volts, ndipo amvere chimbale chonse osadumpha nyimbo.