Antchito a M'mafamu Amene Akugona M'tauni: Kafukufuku wa Boma Angawapeze Bwanji ku Harare?

Boma la Zimbabwe likafuna kudziwa chiwerengero cha anthu ogwira ntchito m'mafamu limadalira njira ziwiri: kufunsa eni mafamu, kapena kuyendera mabanja m'nyumba zawo. Njira ziwirizi zinakhazikika pa nthawi imene wantchito ankagona pafamu pomwepo, m'komboni, dzina lake lili m'buku la malipiro. Masiku ano gawo lina la antchitowa limagona m'malokeshoni a mumzinda wa Harare ndi m'mphepete mwake, monga Epworth, Hopley, Hatcliffe ndi Dzivarasekwa, ndipo limalawirira mbandakucha kupita ku minda ya m'maboma oyandikana a Goromonzi, Seke, Mazowe ndi Zvimba. Mwini famu sawalemba chifukwa ndi aganyu. Wofunsa mafunso m'tauni sawaganizira chifukwa fomu yake ikuti kuno n'kutauni. Motero anthu amene amapalira, kuthyola fodya ndi kukumba mbatata ya kachewere amasowa m'mabuku onse awiri.

Nkhaniyi si ya akatswiri a masamu okha. Malipiro ochepetsetsa a m'mafamu, amene eni mafamu amakambirana ndi mabungwe a antchito monga GAPWUZ, maphunziro a kasamalidwe ka mankhwala opopera, ngakhalenso kuwerengera phindu la njira yatsopano ya ulimi, zonsezi zimatsamira pa kudziwa kuti antchito alipo angati, amagwira masiku angati, ndipo amalandira chiyani.

Kumene antchitowa anachokera

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia ankapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Ena ankapita okha, ena ankatengedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau la m'chaka cha 1903, ndipo kuyambira 1946 ndi bungwe limene Amalawi ankalitcha Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kwawo anawatcha matchona. Ana ndi adzukulu awo anabadwira m'makomboni a m'mafamu.

Malinga ndi lipoti limene Lloyd Sachikonye analembera bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe mu 2003, ntchito yogawa malo mwachangu isanayambe mu 2000, mafamu akuluakulu pafupifupi 4,500 anali ndi antchito pakati pa 320,000 ndi 350,000. Pofika 2003 otsala pantchito anali pafupifupi 100,000. Mwa antchito anayi alionse, pafupifupi mmodzi anali wa makolo ochokera kunja, ndipo oterewa analibe mudzi wobwererako m'dziko la Zimbabwe. Amene analandira malo anali ochepa kwambiri. Ena anatsala m'makomboni akale, ena analowera ku tauni. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba zomangidwa popanda chilolezo pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Malo a Hopley anakhazikitsidwa chaka chomwecho, ndipo ena mwa oyamba kukhalapo anachokera ku Porta Farm.

Akatswiri ena, monga Sam Moyo ndi Walter Chambati a ku African Institute for Agrarian Studies, anapeza kuti alimi atsopano nawonso amalemba anthu ambiri ntchito, koma makamaka ya kanthawi kochepa. Kusiyana kwa ziwerengero za mbali ziwirizi sikuchokera pa ndale pokha. Mbali ina inkawerenga ntchito ya pamwezi, inzake inkawerenganso ganyu.

Mndandanda wosankhapo mabanja

Mlangizi aliyense amadziwa kuti poyeza zokolola sakolola munda wonse. Amasankha timagawo tingapo, n'kuyeza, n'kuchulukitsa. Koma akasankha timagawo ta pachulu pokhapokha, kapena akaiwala kuti mlimi ali ndi munda wina kudambo, masamu ake amakhala olondola koma yankho n'kukhala labodza. Kafukufuku wa antchito amayendanso chimodzimodzi. Chofunika choyamba ndicho mndandanda wathunthu umene mabanja kapena mafamu ofunsidwa amasankhidwamo.

Kale ofesi ya Central Statistical Office, imene inalowedwa m'malo ndi ZIMSTAT potsatira lamulo la mu 2007, inali ndi mndandanda wa mafamu akuluakulu, ndipo eni ake ankadzaza mafomu. Atagawa malo, m'malo mwa mafamu aja munalowa mabanja oposa 140,000 a gulu la A1 ndi alimi masauzande angapo a gulu la A2, ndipo ambiri sasunga buku la malipiro. Njira yofunsa wolemba ntchito inafooka pamenepo.

Kafukufuku wa m'mabanja amagwiritsa ntchito timadera timene amadula pa nthawi ya kalembera wa dziko lonse, amene amachitika pakatha zaka khumi. Koma malo a m'mphepete mwa Harare sadikira zaka khumi. Ku Epworth kunali anthu oposa 160,000 pa kalembera wa 2012, ndipo pa wa 2022 anaposa 200,000. Nyumba zatsopano zimamera m'malo amene pamapu pali munda. Komanso pa puloti imodzi pamatha kukhala mabanja atatu kapena anayi a lendi m'tizipinda ta kuseri, ndipo waganyu kawirikawiri amakhala m'kachipinda kameneko, osati m'nyumba ya kutsogolo.

Mankhwala ake ndi atatu. Choyamba, kulembanso mabanja onse a m'kadera kosankhidwa patangotsala masabata ochepa kuti mafunso ayambe, powerenga maphikidwe osati zitseko: odyera mphika umodzi ndiwo banja limodzi. Chachiwiri, kuyerekeza mapu a kalembera ndi zithunzi za m'mlengalenga kuti malo atsopano alowe. Chachitatu, kupatula madera a m'mphepete mwa mzinda kuti akhale gulu lawolawo, n'kusankhamo mabanja ochulukirapo. Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti mumzinda wonse banja limodzi mwa 50 lili ndi waganyu wa m'mafamu. Pofunsa mabanja 1,000 angapezeke 20 okha, ndipo pa anthu ochepa chotere palibe anganene motsimikiza za malipiro kapena kusiyana kwa amuna ndi akazi. Ngati m'mphepete muli banja limodzi mwa asanu, mabanja 500 angapereke 100. Powonkhetsa, banja lililonse limapatsidwa kulemera kogwirizana ndi mwayi umene linali nawo wosankhidwa, kuti chiwerengero cha mzinda wonse chisapendekeke.

Nyengo yofunsira

Funso lodziwika pa kafukufuku wa ntchito ndi lakuti: kodi m'masiku asanu ndi awiri apitawa munagwirako ntchito yolipidwa? Yankho lake limadalira mwezi. Kalembera wa 1992, 2002 ndi 2012 anachitika mu August, ndipo kafukufuku wa ntchito wa 2019 anachitika m'nyengo yozizira ya June ndi July. Imeneyi ndi nthawi imene minda yodalira mvula imakhala itapuma. Ganyu wopalira amachuluka mu December ndi January, wothyola ndi kumanga fodya amafika mpaka March, ndipo wokolola chimanga ndi wa mu April ndi May. Mayi amene anagwira masiku 60 m'dzinja, akafunsidwa mu July, amalembedwa kuti ndi wogulitsa tomato kapena wongokhala pakhomo.

Kuyambira 2021 ZIMSTAT inayamba kuchita kafukufuku wa ntchito pa miyezi itatu iliyonse, ndipo limeneli ndi sitepe lalikulu. Chotsala ndi kuwonjezera funso la miyezi khumi ndi iwiri, lofunsa mwezi ndi mwezi potsata ntchito za m'munda, komanso kusindikiza ziwerengero za ntchito yachiwiri, osati yaikulu yokha.

Komabe kukumbukira za kale kuli ndi vuto lake. Mu 2014 akatswiri ogwirizana ndi World Bank anayesa njira ziwiri m'chigawo cha Mara ku Tanzania. Mabanja ena ankafunsidwa sabata iliyonse, ena kamodzi kokha pakutha pa nyengo. Ofunsidwa kamodzi anatchula maola ofika mpaka kanayi kuposa anzawo pa munthu mmodzi m'munda umodzi, koma anaiwala kutchula anthu ena ndi minda ina. Phunziro lake ndi lakuti funso la chaka chonse lingathandize kudziwa amene anagwirako ganyu, koma maola ndi malipiro ayenera kufunsidwa pafupipafupi. Popeza lamya za m'manja zafala m'malokeshoni, kagulu kochepa ka antchito kangathe kuimbiridwa sabata iliyonse nyengo yonse pa mtengo wochepa.

Mawu a m'funso

Kwa anthu ambiri, ntchito ndi ija ya malipiro a pamwezi. Ganyu, amene Ashona amati maricho, samuwerengera ngati ntchito, ndipo ena amachita naye manyazi. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, pa kafukufuku wake wa m'mabanja, imafunsa za ganyu pomutchula dzina lake lenileni, payekha, kwa munthu aliyense wa m'banjamo. Njira imeneyi ndi yoyenera kutengera. Ku Mozambique nako, kafukufuku wa Christopher Cramer, Carlos Oya ndi John Sender wa mu 2002 ndi 2003 m'zigawo za Manica, Nampula ndi Zambézia anasonyeza kuti ntchito yolipidwa ya kumidzi ndi yochuluka kuposa mmene ziwerengero za boma zinkasonyezera.

Malipiro nawonso amafuna mafunso akeake. Waganyu salipidwa pa ola koma pa mgwazo: mizere yakutiyakuti, matumba akutiakuti. Nthawi zina amalandira chimanga, mbatata kapena ndiwo zamasamba m'malo mwa ndalama. Fomu iyenera kulemba kukula kwa mgwazo, masiku amene unatenga, ndi amene anathandiza, chifukwa mgwazo wolembedwa m'dzina la bambo kawirikawiri umamalizidwa ndi mayi ndi ana. Ndalama zoyendera ziyeneranso kufunsidwa, pakuti wogona ku Hopley amalipira lendi ndi ulendo, zimene wa m'komboni sankalipira.

Mu 2013 msonkhano wa 19 wa akatswiri a ziwerengero za ntchito, umene umayitanidwa ndi ILO ku Geneva, unagwirizana kuti kulima chakudya cha pakhomo kulekanitsidwe ndi ntchito yolipidwa kapena ya phindu. ZIMSTAT inatsata lamuloli mu 2019. N'chifukwa chake ulova wa 11 peresenti wa mu 2014 sungayerekezedwe mwachindunji ndi wa 16 peresenti wa mu 2019. Ku Harare kusiyanitsaku n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu yemweyo amalima kamunda kake m'dambo la mumzinda, mawa lake n'kukapalira pafamu ya wina. Ganyu wolipidwa ndi chimanga ndi ntchito ndithu, ndipo ayenera kulembedwa choncho.

Palinso nkhani ya amene akuyankha. Wofunsa akafika masana, waganyu amakhala ali kumunda, ndipo amamuyankhira ndi mwini nyumba kapena mwana. Mwamuna naye sakonda kuvomera kuti mkazi wake amapita ku ganyu. Popeza akazi ndiwo akhala ochuluka pa ntchito za kanthawi m'mafamu a Zimbabwe, iwo ndiwo amatayika kwambiri. Kubwererako madzulo kapena Lamlungu kumadya ndalama, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chilankhulo ndi mantha

Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti anthu ambiri obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia atengedwe ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma munthu amene nyumba yake inagwetsedwapo, kapena amene alibe chiphaso chobadwira, sakhulupirira msanga mlendo wonyamula fomu ya boma. Mafunso a kumene makolo anachokera ayikidwe kumapeto, chitupa chisafunsidwe, ndipo wofunsa afotokoze kuti lamulo limaletsa kuulula mayankho a munthu. M'magulu opita ku Epworth ndi kwina kotere muyenera kukhala olankhula Chichewa, makamaka chifukwa cha okalamba.

Mbali ya alangizi

Alangizi a AGRITEX amayendera alimi kawiri pa nyengo poyeza mbewu ndi ziweto. Pa ulendo womwewo angathe kufunsa mafunso anayi: mwalemba aganyu angati mwezi wathawu, kwa masiku angati, munawalipira chiyani, ndipo amagona kuti? Funso lomalizali ndilo limalumikiza famu ya ku Goromonzi ndi kachipinda ka ku Epworth. Ziwerengero za kumunda zikasiyana kwambiri ndi za m'mabanja, akatswiri adzadziwa pamene mndandanda ukudontha.

Ochita kafukufuku wa mbewu nawonso adzapindula. Njira ya Pfumvudza, imene boma linafalitsa kuyambira 2020, imafuna kukumba mapando ndi kuyala zinyalala mvula isanagwe. Phindu la njira yotere silingawerengedwe bwino ngati mtengo wa tsiku limodzi la ganyu sukudziwika.

Vuto limeneli silili ku Harare kokha. Aganyu a m'minda yozungulira Lilongwe, Chipata ndi Ulónguè amadutsa malire a mizinda ndi a mayiko potsata nyengo. Mayiko a m'chigawo chino akagwirizana pa tanthauzo limodzi la ganyu, pa miyezi yofunsira, ndi pa funso la kumene wantchito amagona, ziwerengero zawo zidzatha kuyerekezedwa, ndipo mlangizi wa ku Mchinji adzawerenga lipoti la ku Mazowe n'kumva chimene likunena.