Bwalo la nkhondo lokwana patebulo limodzi

Pali masewera amene anthu amachita atazungulira tebulo, aliyense atasanduka munthu wa m'nthano: uyu msilikali wa lupanga, uyo katswiri wa uta, winayo wamatsenga. Otchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Wosewera mmodzi, yemwe amamutchula Dungeon Master, ndiye amafotokoza dziko, kuyendetsa adani ndi kugamula. Enawo amanena zimene anthu awo akufuna kuchita, madayisi n'kusonyeza ngati zatheka. Nkhani ikamayenda mwamtendere, pakamwa pokha pamakwanira. Nkhondo ikaulika, m'pamene mkangano umabuka. Woponya mivi amati, "Ine ndinali kuseri kwa chipilala." Woyendetsa masewera amati, "Ayi, munali poyera." Palibe akunama. Kungoti aliyense wajambula chipinda chakechake m'mutu mwake.

Amene anakhalapo pa mlandu wa malire a munda akuudziwa mkangano wotere. Pabwalo, wina amalumbira kuti malire ndi chulu, mnzake n'kumati ndi mtengo wa mango umene anabzala agogo ake. Akhoza kutsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Mfumu yanzeru imangodzuka n'kunena kuti, "Tiyeni tikaone kumundako." Akafika, chulu chija n'chimenecho, mtengo uja ndi uwo, mizere ikuoneka pamene yalekezera. Mawu amachepa chifukwa maso a onse ali pa chinthu chimodzi. Timakoma, timapiri ndi timilatho timene osewera amamanga patebulo, ntchito yake ndi yomweyo: kuwatengera onse kumunda.

Lusoli ndi lakale kuposa masewerawo. Mu 1812, Georg Leopold von Reisswitz wa ku Prussia anapereka kwa mfumu Friedrich Wilhelm III tebulo la masewera a nkhondo lokhala ndi tizidutswa tosonyeza mapiri, mitsinje ndi midzi, timene ankatha kutisanja mosiyanasiyana. Mu 1913, H. G. Wells analemba buku la Little Wars, la malamulo omenyanitsa tiasilikali tazidole. Gygax nayenso anali ndi tebulo la mchenga m'chipinda chapansi kunyumba kwake ku Lake Geneva, m'boma la Wisconsin, ndipo mu 1971 iye ndi Jeff Perren anatulutsa malamulo a nkhondo otchedwa Chainmail. Dungeons & Dragons inaphuka pa tsinde limeneli.

Zonse zimayambira pa muyeso. Tizidole tambiri toimira anthu a m'nthano patebulo timatalika pafupifupi mamilimita 28. Tebulo amaligawa m'timabokosi ta inchi imodzi, ndipo kabokosi kalikonse kamaimira mafiti 5 a m'nthanomo. M'malamulo amene anatuluka mu 2014, munthu wamba amayenda mafiti 30 nthawi yake ikakwana, kutanthauza timabokosi 6. Koma pamatope, paziyangoyango kapena pamabwinja, sitepe iliyonse imawerengedwa kawiri, ndiye amangoyenda timabokosi 3. Wobisa theka la thupi lake kuseri kwa kakhoma amawonjezeredwa 2 pa nambala imene mdani ayenera kufika ndi dayisi kuti amulase. Wongoonekera pang'ono, monga pa kawindo koponyera mivi, amawonjezeredwa 5. Wobisaliratu salasika. Choncho kakhoma ka katoni kaja si kokongoletsa ayi. Kaikidwa pamenepo kuti kagamule za moyo wa munthu wa m'nthano, monga momwe chulu chimagamulira za mizere ya munda.

Zomangira zake n'zosavuta. Ambiri amakonda fomu yolimba yotchedwa XPS, imene omanga nyumba m'mayiko ozizira amaika m'makoma pofuna kusunga kutentha, chifukwa imadulika bwino ndi mpeni wakuthwa kapena waya wotentha. Tiyerekeze kuti mukumanga khoma la miyala. Mwadula kachidutswa kotalika ngati chala. Tengani bolopeni, mujambule mizere ya miyala mokanikiza kuti ilowe mkati. Kenako finyani pepala la aluminiyamu likhale kampira, mukagubuduze pamwamba pa fomuyo. Makwinya ake amasiya timaenje tofanana ndi nkhope ya mwala. Pakani guluu woyera wamatabwa wosakaniza ndi penti yakuda, mudikire aume. Musathamangire penti yopopera pa fomu yosamata, chifukwa mankhwala ake amaisungunula.

Mbali yokoma kwambiri imabwera pomaliza. Mukapaka penti yotuwa n'kuuma, thirani penti yakuda yosungunula ndi madzi ambiri kuti iyenderere m'ming'alu. Ikauma, viikani burashi yakale mu penti yoyererako, muipukute pa kansanza mpaka ioneke ngati ilibe kanthu, kenako muzisesa nayo khomalo mopepuka. Penti yotsalirayo imangogwira m'mphepete motukuka. Mukuona ndi maso anu, kachidutswa ka fomu kamasanduka khoma looneka ngati lakhala likuombedwa ndi mvula zaka zambirimbiri.

Popanda fomu, katoni imagwira ntchito. Mchenga womata ndi guluu umakhala dothi, utuchi wonyikidwa mu penti yobiriwira umakhala udzu, mawaya opota pamodzi amakhala thunthu ndi nthambi za mtengo. Amene ali ndi ndalama amagula zopangiratu, monga za kampani ya Dwarven Forge imene Stefan Pokorny anayambitsa mu 1996, ndipo ena masiku ano amasindikiza zawo pa makina a 3D. Koma mtengo wa chinthu sindiwo umachititsa nkhondo kukoma.

Womanga waluso amaganizira dzanja la wosewera. Phiri amalimanga la masitepe osalala, kuti kachidole kaime osagubuduka. Denga la nyumba amalisiya lozula, kuti dzanja lifike mkati. Makoma a phanga sawatalikitsa, chifukwa wokhala kumapeto kwa tebulo ayenera kuona. Ndipo m'malo momanga linga limodzi lalikulu limene lidzagwire ntchito usiku umodzi, amapanga tizidutswa tambiri tofanana muyeso: lero ndi ndende, mawa ndi kachisi wakugwa, mkuja ndi msika.

Si nkhondo iliyonse imene imafuna zonsezi. Anthu awiri akungogwirana m'khonde, kufotokoza pakamwa kumafulumira, ndipo magulu ena amasewera zaka osaikapo kanthu patebulo. Palinso msampha: munthu amene wathera masabata akumanga mlatho amayesedwa kukokera osewera kumlathoko ngakhale iwo asankha njira ina, ndipo akatero wawalanda ufulu umene ndiwo mtima wa masewerawa.

Ine ndimakhulupirira kuti kachidutswa kalikonse kayenera kupatsa wosewera chosankha. Nsanja imamufunsa ngati akwere kuti aone patali, podziwa kuti akagwa avulala. Mlatho wopapatiza umamufunsa ngati aime pakati yekha n'kutsekera adani khumi kuti anzake athawe. Mtsinje umamufunsa ngati awoloke pang'onopang'ono mivi ikumugwera, kapena azungulire n'kutaya nthawi. Woyamba kumene asadzipanikize ndi mzinda wathunthu. Apange makoma afupiafupi anayi, chitunda chimodzi ndi kamtsinje ka pepala lopaka penti, aziike patebulo, kenako amvetsere. Akamva osewera asiya kufunsa kuti "Kodi ndili pati?" n'kuyamba kupangana kuti "Iwe dzera uko, ine ndikwera apa," adziwe kuti wamanga zokwanira, ndipo chotsatira achimange pokhapokha nkhani ikachifuna.