Maboma Athu: Dedza, kwawo kwa kachewere ndi aphunzitsi

Sabata ino takwera mtunda kufika ku Dedza, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe pamsewu wa M1. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198, ndipo chisanu cha kuno mu Juni sichiona nkhope. Apaulendo amadziwako mbatata ya kachewere, makapu a ku Dedza Pottery ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO idazilemba m'kaundula wake mu 2006.

Koma tapatukani pa Bembeke. Kumeneko kuli St Joseph's Teacher Training College, koleji ya Akatolika yosula amayi kuti akhale aphunzitsi a ku pulayimale. Si ya malonda. Malo ndi nyumba n'za mpingo, pamene malipiro a aphunzitsi ndi thandizo loyendetsera sukulu zimadalira kwambiri boma. Silabasi nayonso n'ja boma.

Mgwirizanowu uli ndi phindu, tisaname. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana adachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni, dziko lino silidakhutepo aphunzitsi. Popanda dzanja la boma, mwana wa mlimi wa kabichi wa kwa Kamenyagwaza akadazitenga kuti ndalama zolipira zonse payekha?

Vuto ndi loti bajeti amaikonza kamodzi pachaka, pomwe mitengo pamsika sidikira munthu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa, nyemba, mafuta a galimoto ndi mapepala zidakwera nthawi yomweyo. Mkulu wa koleji yotere sangangodzuka n'kukweza fizi, sangabwezenso ophunzira kwawo. Chimene amayamba kusiya ndi kukonza denga ndi kugula mabuku, kenaka maulendo okayendera ophunzira amene ali pa tichingi pulakitisi kumidzi. Apo ndiye pamawonongeka zambiri, chifukwa mphunzitsi amapsa ali m'kalasi, wina akumuwongolera.

Chondiwawa ine n'china. Boma lomwelo likalipira kuti mtsikana aphunzire pansi pa ndondomeko yosula aphunzitsi a pulayimale ya IPTE, limatha kumusiya pakhomo zaka, osamulemba ntchito, makalasi ali thithithi ndi ana.

Aphungu a ku Dedza, bajeti ikafika ku Nyumba ya Malamulo, kafunseni zinthu ziwiri: thandizo la makoleji otere lizifika pa nthawi yake, ndipo omaliza maphunziro azilembedwa ntchito chaka chomwecho.