Mbalame za Pakhomo M'nyengo ya Chisanu ku Britain

Alimi anzathu, m'mwezi wa Januwale, pamene ife tili kalikiliki kubandira chimanga ndi kuthyola fodya woyamba, ku Britain kumakhala chisanu choopsa. Nthaka imauma gwa, madzi a m'zithaphwi amaundana, ndipo dzuwa limalowa msanga. Anamzeze amathawiratu nabwera kummwera kwa Africa kudzadya tizilombo ta m'dzinja lathu, koma mpheta ndi timbalame tina timatsala komweko ndi njala.

Chifukwa chake anthu akumeneko ali ndi mwambo wopachika tizotengera kuseri kwa nyumba, naikamo mtedza, njere za mpendadzuwa ndi mafuta a ng'ombe. Ena a ife angaseke, popeza kwathu mpheta timaziingitsa pa mapira ndi pa mphale yoyanika. Koma mwambowu unabala chinthu chanzeru.

M'chaka cha 1979 bungwe loteteza mbalame la RSPB linayambitsa kalembera wotchedwa Big Garden Birdwatch. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Januwale, munthu amakhala pa zenera ola limodzi, nawerenga mbalame zotera pakhomo pake, natumiza chiwerengerocho ku bungwelo. Poyamba inali ntchito ya ana okha, koma mu 2021 anthu opitirira 1,000,000 anawerenga nawo.

Kalemberayu waonetsa zimene diso la munthu mmodzi silikanaona. Mpheta za pakhomo zatsika kupitirira theka chiyambire 1979, ngakhale zimaonekabe kawirikawiri. Ku minda nakonso mbalame zodya njere zachepa kwambiri, ndipo akatswiri anapeza kuti chifukwa chachikulu ndi kalimidwe. Kale mlimi akakolola tirigu ankasiya munda ndi ziputu zake kufikira chisanu chitatha, ndipo mbalame zinkatola njere zotayika. Pambuyo pake alimi anayamba kugalauza ndi kufesa atangokolola, kuzula mipanda ya zitsamba, ndi kuthira mankhwala ochuluka. Mbalame zinasowa pobisala ndi podyera.

Nanga ife nkhaniyi itiphunzitsa chiyani? Mbalame zambiri, ngakhale zija zodya njere, zimalera ana awo ndi mbozi, ziwala ndi tizilombo tina, adani omwewo a chimanga ndi fodya wathu. Tikamatentha tchire posaka mbewa, tikamagwetsa mtengo uliwonse m'mbali mwa munda, tikuthamangitsa antchito amene salira malipiro.

Ifenso tingathe kuwerenga. M'mwezi wa Juni, chisanu chathu chitafika, mwana wa sukulu akhale pafupi ndi nkhokwe ola limodzi mmawa, alembe m'kope mtundu uliwonse wa mbalame umene waona ndi kuchuluka kwake. Chaka chamawa abwereze pa malo omwewo. Zikayamba kuchepa, tiyang'ane bwino m'mene tikusamalira minda ndi tchire la m'mudzi mwathu.