Chingwe cha ku Zomba ndi Funso la Ziwalo za Onyongedwa

Anthu a ku Machinga ndi Balaka, maboma amene anali amodzi kufikira 1998, amaidziwa bwino mbiri ya chilango cha imfa. Pa doko la Liwonde ndi pamene gulu la Henry Chipembere linabwerera mu February 1965, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake, Medson Silombela, ananyongedwa ku ndende ya Zomba mu 1966 anthu oitanidwa akuonerera. Ku Machinga komweko ndi kwawo kwa a Bakili Muluzi, amene atalowa upulezidenti mu 1994 anakana kusaina chikalata chonyongera munthu. Chingwe cha ku Zomba chinagwira ntchito komaliza mu 1992.

Komabe chilangocho chikadali m'malamulo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu linagamula kuti woweruza asakakamizidwe kupereka imfa kwa aliyense wopha mnzake. Mu 2021 Bwalo la Apilo linaoneka ngati lathetsa chilangochi, koma m'chaka chomwecho linalongosola kuti silinatero.

Tsono pali funso limene mayiko ena alimbana nalo: ngati woweruzidwa adzafa ndithu, bwanji impso zake zisapulumutse odwala? Funsoli si lachibwana kwa mabanja amene akudikira kuti mbale wawo atumizidwe ku India kukaikidwa impso.

Chovuta choyamba ndicho njira yophera. Mtima ukaima, ziwalo zimasowa mpweya ndi kuyamba kuwonongeka m'mphindi zowerengeka, pamene wonyongedwa satsitsidwa msanga pachingwe. Jakisoni wakupha, amene America inayamba kugwiritsa ntchito mu 1982, amafalitsa mankhwala m'magazi onse. Motero wofuna ziwalo zabwino ayenera kusankha njira ndi ola lophera moganizira wodwala amene akudikira, ndipo dokotala amasanduka mthandizi wa wonyonga.

Izi zinaoneka ku China. Lamulo la 1984 linalola kutenga ziwalo za akaidi ophedwa, ambiri mwa iwo oomberedwa ndi mfuti. Mu 2005 wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo, Huang Jiefu, anavomera kuti ziwalo zambiri zinkachokera kwa akaidi otere, ndipo Boma linalengeza kuti mchitidwewu utha pa 1 January 2015. Bungwe la madokotala la World Medical Association limautsutsa, chifukwa munthu amene moyo wake uli m'manja mwa om'sunga sangavomere mwaufulu.

Chovuta chachiwiri anthu a ku Machinga anachiona ndi maso. Mu 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa m'bomalo, anaphedwa ndi anthu ofuna mafupa ake. Mu 2022 Bwalo Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa, ndipo asanu linawalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Nyumba ya Malamulo inali itakhwimitsa kale zilango za opezeka ndi ziwalo za anthu mu 2016.

N'zoona kuti dokotala wochiritsa ndi wosiyana kutali ndi wogulitsa mafupa. Koma mphunzitsi ndi wogwira ntchito m'Boma amene akuphunzitsa m'midzi kuti thupi la munthu si malonda, akasowa poyambira ngati Boma lenilenilo likanamapindula ndi matupi a amene lawapha. Mozambique inathetsa chilango cha imfa mu 1990, Zambia mu 2022. Tsiku limene aphungu a dziko lino adzakambirane za chingwe cha ku Zomba, nkhani ya odwala impso iyenera kudzakambidwa payokha, ndi opereka aufulu.