Za Olemba Nthano Amene Ali ndi Nchito Zina M'manja

Pano pa Ngara palibe munthu amene adya za nchito imodzi yokha. Bambo amene wachezera pa nyanja kukola usipa ndi nyali, kukacha ali ku munda wa mpunga. Mai amene ayanika nsomba pa thandala, yemweyo akavuula chinangwa nasinja ufa wa kondowole. Mwera ukaomba, kapena mwezi ukawala kotero kuti usipa sulabadira nyali, asodzi akhala pa mchenga nasoka makoka ao.

Tatchula izi chifukwa cha kholo lina limene linatidandaulira za mwana wache, mphunzitsi. Mnyamatayo ali ndi makope atatu, ndipo m'kope liri lonse anayambamo nthano yopeka, koma palibe ndi imodzi yomwe imene yatha. Atate wache aona ngati mafuta a nyali angopita pachabe, ndipo afuna kuti aleke. Ife sitinafulumire kubvomereza, pakuti tinakumbukira anthu awiri a dziko lino.

Woyamba ndi Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lache lochedwa Nthondo linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afrika, ndipo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analitembenuzira m'Chingerezi. Ntara sanaimire pomwepo. Anafunsa akuluakulu za makolo nalemba Mbiri ya Achewa, ndipo mu 1949 munaturuka Nchowa pamodzi ndi mbiri ya mfumu Msyamboza. Mabuku awiri m'chaka chimodzi sabadwa mwa munthu wogwira kope limodzi lokha.

Wachiwiri ndi mwana wa kumpoto konkuno, Legson Kayira, wa mudzi wa Mpale ku mapiri a Nthalire. Ambiri adziwa za ulendo wache: ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro, nafika ku Khartoum, ndipo mu 1960 anafika ku sukulu ya Skagit Valley ku Amereka. Koma ochepa aganizira za zaka zotsatira. Mbiri ya ulendowo, I Will Try, inaturuka mu 1965, chaka chimene anatsiriza ku University of Washington. Kenaka anapita ku Cambridge, ndipo pambuyo pache anagwira nchito ku London yoyang'anira olakwa amene bwalo la milandu lawalola kukhala kwao. M'kati mwa maphunziro ndi nchito yolemetsayo analemba mabuku anai a nthano: The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971, ndi The Detainee mu 1974. Lotsirizali linakhudza ulamuliro wa Dr. Banda, ndipo mwini wache anakhalabe ku England kufikira imfa yache mu 2012.

Tsono makope atatu si ndiwo mlandu. Nthano ikakanika, nkwabwino kuiika padera kuti ifewe monga chinangwa cha m'madzi, munthu nkugwirako ina. Chimene tiopa ife nchakuti kuyamba kumakoma, koma pakati pa nthano mpouma. Ndipo mnyamata akazolowera kuthawira ku kope latsopano pomwe pafika pouma, adzagula lachinai ndi lachisanu. Pamenepo atate wache adzakhala atanena zoona.

Tinalangiza banjalo motere. Masiku a sukulu, pamene mutu watopa ndi ana, alembe pang'ono m'kope liri lonse limene mtima wafuna. Koma masiku a chuti asankhe limodzi, enawo awatsekere m'bokosi. Ndipo Lamulungu madzulo awerengere a pa banja zimene walemba sabata imeneyo, pakuti agogo akayamba kufunsa chimene chinamgwera munthu wa m'nthanoyo, sadzampatsa mpata wopumula. Atate anabvomera kugula mafuta kufikira nyengo yokolola mpunga.