Wailesi Ikamazimazima, Musafulumire Kukalipira Ana

Amayi anzanga a kuno kwa Nsamala, lero tikambirane za wailesi ndi kanema zimene zimazima zokha, kenaka n'kuyakanso ngati palibe chachitika. Vuto limeneli limautsa mapokoso m'banja. Wailesi ikadula mawu bambo akumvera nkhani, mlandu umagwera ana, mwinanso inu amene mwaswera pakhomo. Komatu kuswera pakhomoko kumakupatsani chimene mmisiri wa pa Balaka alibe: ndinu amene mumadziwa nthawi imene chinthucho chimazima, ndipo nthawiyo ndiyo imaulula matenda ake.

Kodi imazima mukakweza mawu? Pamenepo mabatire afooka, pakuti mawu okwera amadya moto wambiri. Mukaipumitsa imalankhulanso pang'ono, n'chifukwa chake imapusitsa anthu. Tulutsani mabatire onse, muyang'ane tizitsulo timene amagunda. Mukaona dzimbiri kapena zoyera ngati mchere, palani ndi nsonga ya mpeni, kenaka musambe m'manja. Batire latsopano musaliphatikize ndi lakale.

Kwa inu a sola, ngati kanema amazima usiku, makamaka tsiku limene kunali mitambo, ndipo inivita imayamba yalira, kanemayo alibe mlandu. Batire la mavoti 12 likatsika kwambiri, inivita imadzizimitsa yokha poteteza batirelo. Pukutani fumbi la pa sola m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo mulimbitse mawaya a pa batire. Kukana mnansi wodzatchajitsa foni n'kovuta, ndikudziwa, koma moto umene wapita m'mafoni asanu masana ndi womwewo mukuusowa usiku.

A m'tauni, yang'anani babu. Magetsi athu amayenera kukhala mavoti 230, koma madzulo anthu ambiri akamaphika amatha kufooka. Babu likachita mdima pamene kanema akuzima, vuto lili ku magetsi. Mukukumbukira mmene magetsi ankathimathimira m'chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Chizolowezi chabwino n'chakuti akathima muzule pulagi, ndipo akabwera mudikire kamphindi musanalumikizenso. Kukamachita ziphaliwali, zulaninso waya wa eriyo.

Tsono pali mlandu wina umene ndi wathu amayi. M'magulu mwathu timaphunzitsana kuluka tinsalu tokongola, ndipo tikaluka timafunditsa kanema ndi dikoda yomwe, pamwamba n'kuikapo maluwa. Zimakongoladi. Koma timabowo ta kumbuyo ndi pamwamba tija ndi mphuno zake zopumira. Kuno kwathu, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwake mukukudziwa nokha, malata amachita kulira. Chipangizo chofunditsidwa chimatentha m'kati, ndipo zambiri za makono zinapangidwa kuti zikatentha kwambiri zizidzizimitsa zisanapse. Chizindikiro chake n'chakuti chimayamba bwinobwino, chimazima patapita ola limodzi kapena awiri, n'kukana kuyaka mpaka chitazizira. Vundukulani nsaluyo chikamagwira ntchito, chisunthireni kutali pang'ono ndi khoma, dikoda musaitsekere m'kabati. Fumbi la m'timabowo lichotseni ndi nthenga ya nkhuku mutazula pulagi. Zakudya musaike pafupi, chifukwa mphemvu zimakonda malo ofunda, ndipo zikamanga mudzi m'katimo zimaononga.

Ngati chimazima munthu akagunda tebulo, fufuzani pulagi ndi chingwe, muyesenso pa soketi ina. Zolowetsa mawaya opanda pulagi n'kupanikiza ndi timitengo ta machesi zija, chonde zitheretu. Waya wogwedera amathetheka ndi kutentha, ndipo nyumba ingathe kupsa ana ali m'tulo. Onaninso ngati mwana sanatchere pa rimoti nthawi yoti kanema azizima yekha.

Zonsezi zikakanika, kapena mukamva fungo la kupserera, zulani pulagi mupite kwa mmisiri. Musatsegule nokha, ngakhale bambo atalimbikira ndi sukuludiraiva yawo. Kanema, makamaka wakale wa chimsana uja, amasunga moto woopsa m'kati ngakhale atazulidwa ku magetsi. Mukafika, mufotokozereni mmisiriyo kuti chimazima nthawi yanji, patapita nthawi yotalika bwanji, ndiponso zimene mwayesa kale. Mugwirizane mtengo asanatsegule, ndipo akati wasintha kachitsulo, mumupemphe akupatseni kakaleko mupite nako kunyumba.